Ndawapeza asala anga akale pa Limbuli koma sakundikumbuka, ndiwathokoze bwanji?

mwana_wa_Ruo

Moni nonse pano. Nkhani yanga ndi yayitali pang'ono ndiye mundipirire.

Sabata yatha ndinapita kumudzi kukaona mayi, pobwerera ndinadzera pamsika wa Limbuli kuti ndigule nandolo wopita naye ku Blantyre. Ndili mkati moyang'anayang'ana ndinamva munthu akuwerengera kasitomala chenji mokweza, mawu aja ndinawadziwa ndisanaone nkomwe nkhope. Anali asala amene anandiphunzitsa sitandade 7 ndi 8. Akalamba anthuni, mutu wonse mbuu, magalasi mbali imodzi anamanga ndi ulusi, koma kayankhulidwe ndi komwe kaja kotafuna liwu lililonse ngati akutiuza za mayeso.

Kuti mumvetse bwino. Bambo anga anamwalira kumapeto kwa 2002, njala ija isanatheretu. Nthawi imeneyo chaka cha sukulu chinkayamba January osati September ngati pano, ndipo amene munakulira kuno mukudziwa kuti January tiyi amakhala ataphuka kwambiri ndi mvula, aliyense wa manja awiri amafunika kumunda. Ndiye 2003 teremu yoyamba ndinangopita masabata awiri basi kenako ndinayamba kutsatira mayi kukatchola tiyi kumunda kwa bambo wina wa m'mudzi mwathu, mmodzi mwa alimi ang'onoang'ono aja. Dengu kumsana, masamba awiri ndi nsonga, kuyambira mbandakucha mpaka sikelo ibwere. Palibe anandikakamiza, m'nyumba munalibe ufa.

Lachisanu lina ndinangoona njinga yaima m'mphepete mwa munda, asala atavala tayi nsapato zili matope okhaokha. Ine gwa kubisala m'tiyi, ndimati abwera ndi chikwapu. Koma sanandiitane nkomwe, analunjika kwa mayi. Anawafunsa kuti mwanayu pa sabata akubweretsa zingati. Mayi anatchula. Iwo anati chabwino, azibwera kwanga Loweruka lililonse kudzalima kudimba, ndalama yomweyo ndizimupatsa ine, koma Lolemba ndimuone m'kalasi. Kadimba kake kanali kakang'ono, ntchito ya maola awiri, ndazindikira nditakula kale kuti ganyu uja anali wongonamizira kuti mayi asachite manyazi kulandira ndalama ya mphunzitsi.

Madzulo ndinkakawerengera pakhonde pawo poti iwo anali ndi nyali ya galasi, kwathu koloboyi ndiye palafini mpaka mayi akalandire. PSLCE ndinalemba 2004, ndinasankhidwira ku CDSS osati kogonera ayi, MSCE mapointi ake sindinena pano kkkk koma anandikwanira kulowa sukulu ya ntchito zamanja. Pano ndine wa zamagetsi ku Limbe, ndili pabanja ana awiri. Si udokotala koma nyumba ya mayi ili ndi malata.

Ndiye pamsika paja ndinawapatsa moni, kudzitchula dzina, mudzi, chaka, zonse. Anandiyang'ana nthawi yayitali kenako akuti pepa mwana wanga, ndaphunzitsa ana ambiri. Sakundikumbuka anthuni. Sindinama zinandiwawa. Ndinagula nandolo yense amene anatsala nkupereka ndalama yopitirira dala nkumapita, anandilondola mpaka pa siteji kudzandibwezera chenji, ati kodi masamu anakuphunzitsa ndani iwe.

Funso langa, munthu wotere mumamuthokoza bwanji osamuchititsa manyazi? Ndaganiza zowatumizira pa Mpamba koma nambala ndilibe ndiponso ndikuona ngati abweza. Komanso ndikufuna ndimve, alipo ena pano amene mphunzitsi anakutembenuzirani moyo chonchi kapena ndi ine ndekha wamwayi?

Nachi_wa_Makwasa

Achimwene mwandiliritsa ndili pa ntchito. Koma munalakwitsa malo, munthu wamkulu sathokozedwa pamsika anthu akuona, makamaka mphunzitsi amene lero akugulitsa nandolo pamene ana ake a sukulu akudutsa pa magalimoto. Chenji chija sanabweze chifukwa safuna ndalama, anabweza ulemu wake kuti usagwe. Tengani mayi anu mupite kunyumba kwawo, mayi ndi amene anapangana nawo kumunda kuja osati inu. Shuga, sopo, mafuta ophikira, chitenje cha amayi akunyumbako, mukapereke kwa amayiwo osati kwa asala. Zikalowera kukhitchini sizibwereranso.

Ine wanga anali madamu a Biology. Ndinatenga mimba ndili fomu 3, kwathu amalume anagamula kuti basi nkhani yatha akwatiwe, mnyamatayo anali atathawira kale ku Joni. Ine sindimadziwa nkomwe kuti boma linalola kalekale, mu 1993, kuti mtsikana akabereka akhoza kubwerera kusukulu, kumudzi kwathu palibe amazinena zimenezo. Madamu aja anabwera katatu. Ulendo woyamba amalume sanawapatse ndi mpando omwe. Wachiwiri anabwera ndi kalata yoti malo anga asungidwa. Wachitatu mwana ali ndi miyezi isanu ndi itatu anabwera ndi yunifomu yosoketsa kale, muyezo anachita kungoganizira, inali yothina pachifuwa poti ndimayamwitsa kkkk. Anawauza anganga kuti inu gwirani mwanayu m'mawa, uyu ndikumufuna ine.

Chimene sindiiwala si yunifomu ayi. Tsiku loyamba anyamata akumbuyo anayamba kulira ngati khanda ine ndikulowa, ng'aa ng'aa. Madamu sanakalipe. Anangoti lero tiphunzira za m'mene mwana amakulira m'mimba, ndipo m'kalasi muno muli munthu mmodzi yekha amene akuzidziwa osati zongowerenga, enanu khalani chete mumve. Anyamata aja ziii. Unamwino ndinakaphunzira ku Malamulo, ndipo ndikamathandiza kamtsikana ka zaka 16 kuchira ndimakafunsa kaye kuti unali kalasi yanji.

Madamu anga anamwalira ndisanawapatse kalikonse. Musachedwe achimwene.

Kabaza_Luchenza

Zabwino zonse amwene koma tisamangoimba nyimbo imodzi ngati aphunzitsi onse ndi angelo. Enafe anatiphera tsogolo ndi pakamwa pomwepo. Ine ndinakulira kwa agogo olankhula Chilomwe chokhachokha, Chichewa changa chinali chokhota ndiye Chingerezi musanene. Kufika sitandade 5 pamene zonse zimatembenukira m'Chingerezi ine ndinasokonekeratu. Mphunzitsi wina, sinditchula sukulu, ankandiimitsa kutsogolo kuti ndiwerenge dala kuti kalasi iseke, akatero amati mutu ngati chinanazi, maso ambirimbiri koma osaona kanthu. Dzina linakhala lomwelo Chinanazi mpaka lero anzanga ena akandiona pa depoti amaitana choncho. Ukalankhula chilankhulo cha kwanu chibalo, ukachedwa chibalo, ndinakumba dzenje la zinyalala lotalika kuposa ineyo anzanga ali m'kalasi akuphunzira, ndiye mawa lake akundimenyanso kuti sindikudziwa zimene anaphunzira dzulo. Sitandade 6 ndinangoti zikomo.

Chodabwitsa pano ndimawerengera ndalama pamtima kuposa ana a fomu 4, mafuta alowa angati, abwana a njinga atenga zingati, yanga itsala bwanji, sindinasochezepo. Ndiye mutuwu unali chinanazi zoona? Mwana wanga ali sitandade 4 ndipo tsiku limene ndidzamve kuti wina wamupatsa dzina ndidzapita ndi njinga yomweyi mpaka m'kalasi.

Nachi_wa_Makwasa

Pepani achimwene a kabaza. Zoona zake zilipo izi, ngakhale kusukulu kwathu kunali wina amene atsikana tinkachita kuzemba kukapereka makope kunyumba kwake. Koma dzina lija musamalivomere akakuitanani.

Madamu_opuma

Ana anga ndawerenga zonse, mundilole ndiyankhe ngati mmodzi wa anthu amene mukuwakambawo. Foni ndi ya mdzukulu wanga ndiye zilembo zina zikhota.

Iwe wa ku Ruo usakhumudwe kuti sanakukumbuke. Ndikuuze m'mene zinalili. Mu 1994 a Muluzi atalowa m'boma nkulengeza kuti pulayimale ndi yaulere, ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni chaka chimodzi chomwecho. Aphunzitsi kunalibe, ndiye boma linalemba anthu masauzande osapita ku koleji, ine ndinali mmodzi mwa iwo. Tinangophunzitsidwa masabata ochepa chabe nkutipatsa choko kuti kaphunzitseni, maphunziro enieni tinadzachita pambuyo pake kudzera mu pulogalamu yophunzitsa aphunzitsi ya MIITEP tili kale pa ntchito. Kalasi yanga yoyamba inali pansi pa mtengo wa mango, bolodi lotsamiritsa pa thunthu, ana opitirira 100, mvula ya kuno mukuidziwa ikangoti yayamba sukulu yaweruka. Kuitana maina okha theka la piriyodi latha. Tsopano uchulukitse ndi zaka makumi awiri ndi zingapo. Nkhope zimasakanikirana mwana wanga. Ndiponso ndikuuze chinsinsi, mphunzitsi wamtundu wa asala akowo sanachitire iwe wekha. Iwe unali ndi mphunzitsi mmodzi wotere, iwo anali ndi ana otere mwina makumi angapo, wina kope, wina ndalama ya mayeso, wina kukamulanda ku ukwati. Akanakhala kuti anachitira iwe wekha bwenzi akukukumbuka bwinobwino ndipo bwenzi atakulondola kale kudzakukumbutsa.

Iwe wa kabaza, ine sindikuikira kumbuyo amene anakuchita zimenezo. Ndinamenyapo ana inenso, zaka zoyambirira ndinkamenya kwambiri chifukwa ndi zokhazo ndinkadziwa, ifenso tinaphunzira ndi chikwapu ndipo ukakhala wekha pakati pa ana 100 opanda mabuku mantha amakugwira ndiwe mphunzitsi. Koma chikwapu chimapola. Dzina silipola. Ndinali ndi kamnyamata kena kachibwibwi ndinakayeserera kamodzi kokha kalasi nkuseka, sikanayankhenso funso chaka chonse, ndipo mpaka lero ndikagona ndimakaona. Amene ndinawathandiza ambiri ndawaiwala koma ameneyu ayi. Ndiye mwina amene anakutcha dzina uja akukukumbuka kuposa m'mene asala a mnzakoyu akumukumbukira iye. Pepa mwana wanga m'malo mwake. Ndipo sukulu za kwacha zilipo, komanso masiku ano anthu akuluakulu akulowa ma open nkulemba mayeso a MANEB, si zamanyazi.

Za mphatso, achemwali a ku Makwasa anena zoona, upite ndi mayi ako. Ndiwonjezere chimodzi. Penshoni ya mphunzitsi wa pulayimale ndi yochepa ndipo enafe tinaidikira mpaka nsapato kutha ndi maulendo, ndiye usanamizidwe kuti safuna thandizo. Koma usakafunse kuti mukufuna chiyani, adzati palibe. Ukayang'ane wekha, denga likudontha pati, feteleza wa chaka chino alipo, maso aja anapimitsa liti. Ndipo ukawafotokozere nkhani yonse ngati m'mene walembera apa, pang'onopang'ono, akazi awo ndi ana awo akumva. Ana a aphunzitsi amakula akudandaula kuti bambo ankatha ndalama pa ana a eni, amve kumene zinkapita.

Kabaza_Luchenza

Amayi mwandilankhula bwino, zikomo. Palibe mphunzitsi anandipepesapo chibadwire. Za sukuluzo tiona, nthawi ndi imene imavuta, njinga ikaima tsiku limodzi kunyumba sadya.

Sapitwa3002

Ine ndikhala wosokoneza pang'ono monga mwa nthawi zonse kkk. Nkhani ya m'baleyu ndi yokoma koma taiwonani mbali inayi. Mwana wa sitandade 7 anabwerera kusukulu chifukwa mphunzitsi anang'amba malipiro ake omwe ndi ochepa kale. Nanga m'munda momwemo munali ana angati ena amene njinga ija sinawaimire? Ifeyo timakonda nkhani za mphunzitsi wa mtima wabwino chifukwa zimatipeputsa, timaiwala kufunsa kuti bwanji tsogolo la mwana lizidalira kuti wagwera m'kalasi ya ndani. Phala la Mary's Meals lija labweza ana ambiri m'kalasi kuposa malangizo a pa asembule, chifukwa vuto la ana ambiri kuno si ulesi ndi mimba yopanda kanthu. Asala anuwo anazidziwa zimenezi nchifukwa chake sanafike ndi ulaliki, anafunsa kuti zingati.

Ndipo ngakhale mphunzitsi alimbikire bwanji malo ku sekondale ndi ochepa, ana amakhoza PSLCE koma osasankhidwa, ena kubwereza sitandade 8 kawiri katatu kufuna sukulu yogonera. Yunivesite ya sayansi ya MUST ili pa Ndata pompano kuyambira 2014, nyumba zokongola zedi, koma kafunseni ana a pa CDSS yoyandikana nayo ngati anagwirapo chipangizo cha mu labu ndi manja awo. Physics wa pa bolodi yekhayekha ndiye ukapikisane ndi mwana wa ku national.

Sindikunyoza aphunzitsi ayi. Nthawi ya namondwe Freddy mu March 2023 ndinaona ndi maso anga sukulu zitasanduka makampu, aphunzitsi amene nyumba zawo zinagwanso ndi amene ankalemba maina a anthu, kugawa makalasi kuti amayi uku abambo uku, kusunga mabuku kuti asakolezere moto. Sukulu zitatsegulidwa ndi iwonso ankayenda m'midzi kufufuza kuti mwana wakuti ali moyo kapena anasamukira kuti. Palibe anawapatsa kanthu kapadera pa zimenezo. Ndiye tikamawathokoza ndi shuga tizikumbukanso kuti akamanyanyala ntchito ndi ife tomwe timayamba kuwatukwana pa Facebook.

Nachi_wa_Makwasa

A Sapitwa zonse mwanenazo nzoona koma munthu wafunsa za asala ake inu mwabweretsa msonkhano wa chipani kkkk. Malo ku sekondale achuluke inde, koma ine malo anga analipo kale, lamulo linalipo kale, chinasowa ndi munthu woti ayende wapansi katatu kukakumana ndi amalume anga. Pepala la boma silikhala pamphasa kudikira kuti mwini mbumba amalize kukalipa.

Sapitwa3002

Apo ndiye mwandigwira achemwali. Koma shugayo akhale wambiri.

Mlimi_wa_nthochi

Ine wanga sanandilipirire kalikonse, anali wa Agriculture ndipo anali wovuta ngati chiyani. Koma ndi amene anatikakamiza kukhala ndi kope lolemba chilichonse cha kumunda wa sukulu, tsiku lodzala, zimene talowetsa, zimene takolola, tinkamuda nazo. Matenda a chisaka atatha nthochi kuno ku Thyolo alangizi nkumati zulani zonse mudzale mbewu yatsopano anthu ambiri anakana, ine ndinatsegula kope langa nkuona m'mene mikoko imatsikira chaka ndi chaka, ndinazula ndikulira. Pano ndikugulitsanso pa Bvumbwe. Chizolowezi cha kope chija ndi chake. Moti nthawi zina si chifundo ayi, ndi kakhalidwe kena kamene munthu amakupatsira iwe osadziwa.

mwana_wa_Ruo

Ndabweranso anthuni, pepani ndinasowa masabata awiri. Ndinachita monga munanenera. Mayi poyamba amakana ati ndikanena chiyani kwa aphunzitsi ine wosaphunzira, koma tinapita Loweruka, iwo atanyamula nkhuku yawoyawo osandiuza. Nyumba tinachita kufunsira kwa ogulitsa nandolo anzawo.

Amene anatizindikira ndi amayi akunyumbako. Atangowaona mayi anga anati aa si inu a kumunda wa tiyi aja, ndiye ameneyu ndi uja ankagona pa kope pakhonde pano mpaka ine kumudzutsa kuti nyali ikutha mafuta. Asala anangoti kodi eti, nkulowa m'nyumba, anatuluka ndi katoni ya makope akale odyedwa ndi chiswe m'mbali, momwe ankalemba maina ndi mamalikisi a kalasi iliyonse. Anafufuza mpaka anapeza 2004. Dzina langa lilipo, masamu 41. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi nkuti ndiye chenji chija sichinali dala eti. Mayi anaseka mpaka misozi.

A Madamu_opuma munalosera, pa tsamba lomwelo panali maina ena anayi okhala ndi kanyenyezi kofiira pambali ngati langa. Ndinafunsa kuti kanyenyezika nkachiyani anangoti a kudimba. Mwana wawo wamkazi anali pompo anati ndiye ndinu amene munkatidyera ndalama ya nsapato, koma amanena akuseka.

Envulopu anakana ndithu, anaibweza m'thumba la malaya anga ndi dzanja lawo. Katundu wa kukhitchini ndi nkhuku zinalowa bwinobwino monga ananenera achemwali. Koma poyang'anayang'ana ndinaona kasola padenga koma m'nyumba mulibe kuwala, akuti kanasiya chaka chatha, wina anawalumikizira molakwika batire nkufa. Ndinakwera pompo ndi zovala za ulendo. Panelo ndi labwino, mawaya ndi amene ali oonda komanso palibe kontirola. Apa sanakane, ati ntchito ya manja a mwana wasukulu siikanidwa, anachita kundigwirira makwerero nkumandifunsa mafunso ngati ali ndi choko m'manja, kuti bwanji waya woonda amatentha. Ndinayankha bwino kuposa 41.

Mawaya ndi kontirola ndigula ku Limbe mwezi ukatha, magalasi ndawauza ana awo kuti apite nawo akapimitse ndilipira ine mwakachetechete. Chimene chikundivuta ndi batire, kulinyamula pa minibasi kuchokera ku Limbe makondakitala amalipiritsa ngati munthu ndipo amaliponya mwachisawawa. Alipo akudziwa pamene ndingapeze batire la sola lenileni osati lokonzedwanso cha ku Luchenza kapena pa Chitakale?

Kabaza_Luchenza

Pa Luchenza alipo awiri ogulitsa koma mmodziyo amapaka penti mabatire akale, ndikulozerani woyenera mukafika. Mundipeze pa depoti mufunse Chinanazi aliyense akulozerani. Kukafika nalo kwa asalawo ndikunyamulirani ine, mungothira mafuta opita ndi kubwera, ndikufuna ndikaone katoniyo.